Mlendo pa Chisumbu cha Mozambique



Pa 3 Disembala Eklezia atikumbutsa Francisco Xavier Woyera, nkhoswe ya mamishoni onse. Ambiri a inu mudziwa kuti iye analalika ku India ndi ku Japan, namwalira m'chaka cha 1552 ali pafupi kulowa m'dziko la China. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti asanafike konseko anayamba wakhala miyezi ngati isanu ndi umodzi pa kachisumbu ka kuno kwathu ku Afrika, kamene munthu wochokera ku Mangochi kapena ku Mulanje angathe kufikako m'masiku atatu. Chisumbucho, kapena titi chilumba monga anena ambiri makono, Apwitikizi achitcha Ilha de Moçambique, ndipo dziko lonse la Mozambique linatenga dzina lache kwa icho.

Popeza ena a inu muyenda malonda ku Nampula ndi ku Nacala, ndipo ena mwatifunsa ngati nkoyenera kupatuka kukaona malowo, tati tilembe zimene tinaona ife tomwe pamene tinapitako ndi mphunzitsi mnzathu wa ku Phalombe. Tikuuzani za njira, za chakudya, ndi za malo oyenera kuwaona. Koma mau athu aakulu ndi awa: Mkristu akafika kumeneko akhale mlendo wodzichepetsa, wakudya chimene eni nyumba aphika, ndi wakupenya zonse zimene miyala ya pamalopo ichitira umboni, zokoma ndi zowawa zomwe.

Za njira yache

Wochokera ku Mangochi aoloke malire pa Chiponde, nadzere ku Mandimba ndi ku Cuamba kufikira ku Nampula. Wochokera ku Mulanje aoloke pa Muloza, nadzere ku Milange ndi ku Mocuba kufikira ku Nampula komweko. Kuchoka ku Nampula kunka ku nyanja ya mchere pali makilomita ngati 180, ndipo mseu upyola pa Namialo ndi pa Monapo. Pa gombe mudzapeza ulalo wautali woposa makilomita 3, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Ulalowo ngwopapatiza, kotero kuti magalimoto awiri sangathe kupambana koma pa malo ena okuzidwa dala, ndipo mabasi aakulu atsala kumtunda. Musaiwale chiphaso chanu cha ulendo, ndipo ndalama musinthiretu zikhale meticais.

Nyengo yabwino ndiyo kuyambira Meyi kufikira Okutobala. M'miyezi ya dzinja kutentha nkwakukulu, ndipo ndiyo nyengo ya anamondwe a m'nyanja. M'mwezi wa Malichi 2022 namondwe wotchedwa Gombe anagwetsa nyumba zambiri m'dera limenelo. Tengani neti ya udzudzu, pakuti malungo a kugombe sachita nsoni ndi mlendo.

Chisumbu chenicheni nchaching'ono: m'litali makilomita 3, m'mimba mwache pena mamita 200, pena 500. Munthu wamphamvu achiyenda chonse ndi miyendo, wosasowa galimoto. Chagawika pawiri. Kumpoto kuli mudzi wa miyala, wa nyumba zakale za Apwitikizi, Aluya ndi Amwenye. Kumwera kuli mudzi wotchedwa Macuti, dzina lochokera ku masamba a mitengo ya kokonati amene afolera nyumba, ndipo kumeneko ndiko kukhala unyinji wa anthu. Eni malo ndi Amakua, ambiri a iwo Asilamu. Chinenero chao chiri pa ubale ndi Chilomwe, kotero mnzathu uja anamvana nao pang'ono pang'ono, nakhala pakamwa pathu ulendo wonse.

Za chakudya

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu, kuti inu mungagwe m'mbuna imodzimodzi. Madzulo a tsiku loyamba tinafikira kwa mai wina wachikulire wa ku Macuti, Msilamu, amene alandira alendo ndi kuwaphikira. Anatiyalira mphasa, natithira madzi m'manja, nabwera ndi mpunga woyera wonunkhira, ndi mbale yina yodzala tizirombo tofiira ta miyendo yambiri ndi ndevu zazitali. Ife poona timeneti mtima unachita nseru, ndipo tinakankhira mbaleyo pambali ndi kunsi kwa dzanja, tiri kuyesa kuti palibe watiwona. Koma maiyo anaona, natsitsa maso, nabwerera ku moto wache wosanena kanthu.

Pamenepo mnzathu anatiyang'ana nati: "Achimwene, kwanu ngumbi mumadya, dzombe mumadya, mbewa mumachita kukumba ndi khasu. Nanga izi zakulakwirani chiani? Amai awa atipatsa ndiwo ya ulemu, imene ana ao sailawa masiku onse."

Tinachita manyazi kwambiri, pakuti ife tomwe taphunzitsa kawiri kawiri mutu 10 wa Luka Woyera, pamene Ambuye potuma ophunzira ao anawalangiza kuti asamasankha chakudya m'nyumba zowalandira. Tinaitana maiyo, ndipo mwa pakamwa pa mnzathu tinati: "Pepani amai, ndife ana a kumtunda, nyanja yathu iribe zotere. Tiphunzitseni kadyedwe kache." Iye anaseka, nakhala pansi, natiwonetsa kuchotsa mutu ndi chikamba. Nyama ya m'katimo inali yoyera, yofewa ndi yokoma koposa. Apwitikizi azitcha camarão, ndipo sitinazikanenso.

Tsono zakudya zimene tikulangizani kuti mulawe ndi izi.

Choyamba, mpunga wa kokonati. Akazi apala mnofu woyera wa kokonati, naufinya m'madzi ofunda, ndipo madzi oyera ngati mkaka amene atuluka ndiwo aphikira mpunga ndi ndiwo zomwe. Monga nsinjiro iri kwa ife, momwemo kokonati ali kwa iwo.

Chachiwiri, matapa. Ameneyu ndi chigwada chathu chomwe, masamba a chinangwa osinja bwino, koma aphika nthawi yaitali ndi madzi a kokonati ndi nsinjiro, ndipo pena aikamo nkhanu. Pa chisumbupo pali mtundu wina umene autcha matapa de siri-siri, wophikidwa ndi kathengo komera m'mphepete mwa madzi a mchere, pamodzi ndi mtedza wa m'mitengo wotchedwa caju. Ndiwo imeneyi ndiyo anyadira nayo eni malo, ndipo mlendo wochoka wosailawa ali ngati munthu wofika ku Mangochi nabwerera wosadya chambo.

Chachitatu, nsomba za m'nyanja ya mchere, zootcha pa makala ndi mandimu ndi tsabola wowawa amene amutcha piri-piri. Tsabolayo muyambe mwalawa ndi nsonga ya chala. Pena aphika nsomba ndi mango aawisi, msuzi wache nukhala wowawasa bwino. Palinso nyama ya miyendo isanu ndi itatu, yopanda mafupa, imene aitcha polvo. Maonekedwe ache aopsa, koma ikapsa bwino ikoma.

Wolakalaka nsima asade nkhawa: ilipo, ndipo aitcha xima. Ilinso ya ufa wa chinangwa chouma, yotchedwa caracata, imene abale athu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay adzaizindikira msanga kuti ndi mbale wache wa kondowole. M'mawa mugule buledi wamng'ono wotentha, pão, mumwere tiyi. Usana dzuwa likakula mumwe madzi a kokonati wamuwisi, amene amdula pamaso panu.

M'mudzi wa miyala muli nyumba zodyeramo za alendo a kutali, zaukhondo koma za mtengo wokwera. Ku Macuti ndi pafupi ndi msika chakudya nchotsika mtengo, ndipo ndalama yanu ilowa m'dzanja la amene anaphika. Konse kuwiri funsani mtengo musanadye, kuti pangakhale kukangana pambuyo. Koma musapanikize wosauka pa kandalama kamene inu simudzakakumbukira mawa. Pogula nsomba penyani maso ache akhale owala ndi makha ache ofiira. Nkhanu ndi camarão sizichedwa kuvunda pa dzuwa, chifukwa chache muzidye zotentha, zongochoka pa moto. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo lotseka.

Kumbukiraninso kuti muli pakati pa Asilamu. Musafunse nyama ya nkhumba m'nyumba zao, musayende ndi mowa m'makwalala a ku Macuti, ndipo mukafika m'mwezi wao wa kusala, wa Ramadan, musadye poyera usana pamaso pa anthu a njala. Ife amene tisala nyama pa Lachisanu ndi kusunga Lenti tiyenera kudziwa kulemera kwache kwa kusala kwa mnzathu. Musanadye lembani chizindikiro cha mtanda monga mwa masiku onse, osabisa ndiponso osadzionetsera. Mai uja potiona tiri kupemphera anakhala chete kufikira titatha.

Za malo oyenera kuwaona

Dzukani mbandakucha munke ku nsonga ya kumpoto. Kumeneko kuli linga lalikulu la São Sebastião, limene Apwitikizi anayamba kulimanga m'chaka cha 1558, ndipo ntchito yache inatha zaka zoposa 50. Makoma ache ngochindikala, ndipo mizinga yakale ikali pamwamba, yoloza kunyanja. Adatchi analizinga m'chaka cha 1607 ndiponso m'chaka cha 1608, nalephera kulilanda. M'kati mwache muli maenje aakulu omangidwa ndi miyala, osungiramo madzi a mvula, pakuti pa chisumbupo palibe mtsinje ngakhale umodzi, ndipo makolo a pamenepo anakhalira madzi a padenga.

Kuseri kwa lingalo, pa thanthwe limene mafunde amenya usana ndi usiku, pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora de Baluarte, ndiko kunena Amai Athu Maria a pa Linga. Kanamangidwa m'chaka cha 1522, ndipo kawerengedwa kuti ndiko nyumba yakale koposa ya Azungu imene ikali chiimire m'chigawo chonse cha kumwera cha dziko lapansi. Nkakang'ono, kosafika ngakhale pa tchalitchi cha kumudzi kwanu. Pamene Francisco Xavier anafika m'mwezi wa Ogasiti 1541, kanali kataima kale zaka 19. Gwadani pamenepo munene korona.

Woyerayo anachoka ku Lisbon pa 7 Epulo 1541, ndipo chombo chache chinaima pa chisumbuchi kudikira mphepo yabwino ya ku India. Amalinyero ndi asilikali ambiri anafika ali odwala, ndipo iye anakhala pakati pao, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kumva kulapa kwao ndi kuwakonzera imfa yabwino, kufikira iye mwini anagwidwa ndi malungo aakulu. Anapitirira ulendo kuchiyambi kwa 1542, nafika ku Goa pa 6 Meyi. Pa chisumbupo pali katchalitchi kena kotchedwa dzina lache. Pambuyo pache, m'chaka cha 1560, panadzera wansembe wina wa chipani chomwecho cha Ayezuiti, Gonçalo da Silveira, amene anakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, nabatiza mfumu Mwene Mutapa, naphedwa m'chaka cha 1561.

Potsika kuchoka ku linga mudzaona nyumba yaikulu yofiira ya São Paulo, ndi fano la Vasco da Gama patsogolo pache, ndiye Mpwitikizi amene anafika pano ndi zombo zache m'chaka cha 1498, napeza Aluya ndi Aswahili ali pa malonda kale. Nyumbayo inayamba ngati sukulu ya Ayezuiti m'chaka cha 1610. Iwo atapitikitsidwa m'chaka cha 1759 inasanduka nyumba ya bwanamkubwa, pakuti chisumbuchi ndicho chinali likulu la dziko kufikira 1898, pamene boma linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale: mipando, makama ndi mbale zochokera ku India, ku China ndi ku Ulaya, ndi katchalitchi ka guwa losema mwaluso. Pafupi pache pali tchalitchi cha Misericórdia, ndi chipinda chosungiramo ziwiya zopatulika zakale. Polowa mupereka kandalama, ndipo pali owonetsa alendo.

Koma musabwerere pamenepa muli kungotama Azungu akale ndi nyumba zao. Funsani njira ya ku munda wotchedwa Jardim da Memória, ndiko kunena Munda wa Chikumbutso, umene uli m'mphepete mwa madzi, pakati pa makoma a nyumba yakale yosungiramo katundu. Unakonzedwa kukumbukira akapolo. Pakuti chuma chimene chinamanga mudzi wa miyala sichinali golidi ndi minyanga ya njovu yokha. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 anthu ambirimbiri anatsitsidwa kuchokera kumtunda, ena a iwo kuchokera ku maiko a m'mbali mwa nyanja yathu ino, omangidwa m'magoli, nafika pa gombe la Mossuril moyang'anana ndi chisumbu, nakwezedwa m'zombo kunka ku Réunion, ku Mauritius, ku Brazil ndi ku Cuba. Boma la Portugal linaletsa malondawo m'chaka cha 1836, koma anapitirira mobisa zaka zambiri.

Tinene zoona, ngakhale ziwawa: ambiri a ogula ndi ogulitsa anthuwo anali obatizidwa, ndipo kuchoka pa tchalitchi kufika pa dooko la akapolo ndi mtunda wosatopetsa ngakhale nkhalamba. Belu la Misa linamveka m'makutu a omangidwa. Papa Gregorio XVI anatsutsa malonda a anthu m'chaka cha 1839, ndipo Kardinala Lavigerie, amene ana ache a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, anayenda m'mizinda ya ku Ulaya kuchenjeza anthu za choipachi. Koma pa nthawiyo midzi yambiri inali itasanduka mabwinja kale. Ife tinaima m'mundamo nthawi yaitali, ndipo mnzathu, amene sakhala chete kawiri kawiri, sananene kanthu. Pambuyo pache anati: "Kapena wina wa kwathu anapenya madzi omwewa." Tinapempherera mizimu ya onse amene anadzera pamenepo, odziwika kwa Mulungu yekha, ndi ya iwo amene anawagulitsa. Pa chisumbu chimodzi panakhala wansembe wosambitsa zironda za odwala, panakhalanso Akristu oika mtengo pa mutu wa munthu. Ubatizo unali umodzi. Tsono yense adzifunse yekha kuti wache aupititsa kuti.

Madzulo pitani kumwera. Pa malire a midzi iwiri pali chipatala chachikulu cha nsanamira zazitali, chomangidwa m'chaka cha 1877. Si chimene anatumikiramo Francisco Xavier, pakuti chija chinali chakale koposa. Polowa ku Macuti mudzazizwa kuona kuti nyumba ziri m'munsi, ndipo mseu uli pamwamba, kotero kuti woyenda apenya madenga. Chifukwa chache nchakuti pamenepo ndipo anakumba miyala yomangira linga ndi nyumba za olemera, ndipo osauka anamanga m'maenje otsalawo. Anthu anachulukanso pa nthawi ya nkhondo imene inatha m'chaka cha 1992, pamene ambiri anathawira pa chisumbu, monga ena anathawira kuno kwathu. Mvula ikagwa madzi adikha m'makwalala ao. Yendani mwaulemu, perekani moni, ndipo musajambule munthu musanampemphe.

Mudzakomana ndi akazi odzola nkhope zoyera mbee. Si maliro kapena chinamwali ai: ndi mussiro, mtengo umene aupera pa mwala ndi madzi, nadzola kuti khungu lisalale ndi kuti lingapse ndi dzuwa. Mukachita mwai mudzaona gule wao wa tufo, wobvinidwa ndi akazi obvala nsalu ndi mipango yofanana, mwakachetechete, ndi mapewa ndi manja. Pali mzikiti waukulu wobiriwira m'mphepete mwa madzi, ndi kachisi wa Amwenye m'mudzi wa miyala. Amai ndi atsikana athu abvale chitenje ndi kufunda mapewa, abambo asayende chifuwa pamtunda. Dzuwa likapendeka khalani pa tchalitchi choyera cha Santo António, pamene asodzi akocheza ngalawa zao ndi kukonza maukonde. Pamenepo munthu akumbukira msanga ntchito ya Petro ndi Andrea.

Wokhala ndi tsiku lachiwiri akwere chombo cha thanga kunka ku kachisumbu ka Goa, kumene kuli nsanja ya nyali yotsogolera zombo, kapena kutsidya ku Cabaceira, kumene kuli mchenga woyera ndi tchalitchi chakale. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene nyanja yathu ya Malawi sichita. Nyanja ya mchere iphwa ndi kudzalanso kawiri pa tsiku: madzi athawa kutali, nasiya mchenga ndi matanthwe poyera, ndipo pakapita maora ngati 6 abwerera. Munthu wosadziwa atsata nkhono kutali, nazingidwa ndi madzi kumbuyo. Chifukwa chache mverani mwini chombo pa ora lonyamuka ndi lobwerera, panganani mtengo muli pa mtunda, ndipo ana musawataye maso.

Mau otsiriza

M'chaka cha 1991 bungwe la UNESCO linalemba chisumbuchi m'gulu la malo a mtengo wapatali kwa anthu a dziko lonse, ndipo alendo afikako kuchokera kutali. Ambiri apenya makoma okha, nadya, nachoka. Inu musatero. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame akakamuka asiya udzu uli wobiriwira. Pa Lamulungu funsani kumene kuli Misa, mukapemphere ndi Akristu a pamenepo, amene ali ochepa pakati pa anansi ao, ndipo adzakondwa kuona abale ochokera kumtunda.

Tsiku lochoka, mai wathu uja anatimangira mtedza wa caju m'kansalu, nakana ndalama yache, nati ndi wa ana athu kumudzi. Ife amene tinakankha mbale yache tinalandira ndi manja awiri. Inu amene simudzatha kuyenda ulendowu, chitani ichi m'malo mwache: pa 3 Disembala, pa mapemphero a madzulo, atate a banja auze ana za Francisco Xavier ndi za akapolo a pa gombe lija, ndipo mlendo akagogoda pakhomo panu mwezi uno, wa mtundu uli wonse ndi wa chipembedzo chiri chonse, mumuyalire mphasa.

Ambuye akusungeni nonse kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.

Ndife mphunzitsi wanu mwa Kristu.